Kolona Imene Inatsala pa Msomali

Mwezi uno sitikubweretserani phunziro la katekisimu monga timachitira masiku onse. Tili ndi nkhani ya m'nyumba mwathu mwenimweni, kuno ku Northrise mumzinda wa Ndola. Mwini nkhaniyi tamupempha chilolezo, ndipo watilola kuisimba malinga tisatchule dzina lake ngakhalenso la koleji imene amaphunzirako. Tavomera, pakuti cholinga chathu n'chakuti inu makolo anzathu amene muli ndi ana m'makoleji mupewe cholakwa chimene tinachita ife, ife amene takhala tikuphunzitsa ana a eni ake za Mulungu kwa zaka zoposa 20.

Mwanayu ndi wa mlongo wathu amene amalima kumudzi kwathu m'boma la Katete. Monga mukudziwa, kwa ife Achewa mwana wa mlongo ndi katundu wa malume wake. Tsono atapambana mayeso a Giredi 12 napeza malo pa koleji ina ya boma yophunzitsa za umoyo kuno ku Ndola, panalibe zokambirana zambiri. Anakwera basi ku Katete, nagona pa siteshoni ku Lusaka, nafika kwathu mu Januwale 2023 ali ndi chikwama chimodzi, kathumba ka mtedza, ndi kolona ya pulasitiki imene analandira tsiku la Ukaristia wake woyamba. Kumudzi, ali wamng'ono, ankavina m'gulu la ma Stella pa Misa, ndipo atasinkhuka analowa kwaya. Ambiri mwa anansi athu kuno amalankhula Chibemba, motero zinatikomera mtima kumva mawu a mtsikana akutsogolera mapemphero a madzulo m'chilankhulo cha makolo athu. Chaka choyamba chonse, tikatha kudya nsima, iye ndiye ankayamba kugwada.

M'chaka chachiwiri zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, monga madzi aphwera m'chitsime anthu osazindikira. Poyamba ankapepesa kuti ali ndi mayeso mawa, ndipo tinkapemphera popanda iye. Kenaka anayamba kujomba Misa ya Lamulungu, nati akapita ya madzulo, koma madzulowo ankamupeza akadali pa mabuku. Tsiku lina, titalowa m'chipinda chake kukakonza loko ya zenera, tinaona kolona ija itakolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo fumbi linali litadera pa mikanda yake. Mtima wathu unawawa. Chimene tinaona ndi chomwecho basi, kolona pa msomali ndi malo opanda munthu pa benchi la m'tchalitchi. Zina zonse zimene mwanayo ankasenza sitinazione, ngakhale tinkagona pansi pa denga limodzi.

Tiyeni tikukumbutseni mmene chinalili chaka cha 2024. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga cha mlongo wathu chinauma chikungomasula ngayaye, ndipo mtedza umene ankagulitsa kuti athandize pa fizi ya mwana wake sunabereke. Madzi a m'nyanja ya Kariba anachepa, magetsi nayamba kuzima, mpaka panafika miyezi imene maola a mdima ankaposa maola a kuwala. Mtengo wa ufa unakwera, ndi wa makala womwe. Ena mwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, monga Copperbelt University ya ku Kitwe imene inakhazikitsidwa mu 1987, amalandira ngongole ya maphunziro, ndipo ndalama yawo ya chakudya imene inachotsedwa mu 2019 inabwezeretsedwa mu 2023. Wathuyu sanali m'gulu limenelo. Fizi yake inkadalira khasu la amayi ake ndi thumba lathu lobooka.

Tsono tsiku lake linkayenda motere, monga tinadzamva pambuyo pake. Ankadzuka tambala woyamba atangolira, kusesa, kutsuka mbale, kutunga madzi m'zigubu pompi isanaume, kenaka ulendo wa ku koleji. Masana anali m'kalasi, masabata ena anali m'mawodi a chipatala kuphunzira ntchito ndi manja. Usiku ankawerenga ndi kuwala kwa foni, ndipo batire ikatha ankagona akubwereza m'mutu maina a mafupa ndi a mankhwala. Ku ofesi ya koleji dzina lake linali pa mndandanda wa amene sanamalize kulipira, ndipo ankadziwa kuti wolephera mayeso amabwereza chaka, chinthu chimene banja lathu silikanakwanitsa. Pa geti, madzulo a Lachisanu, pankaima magalimoto a amuna amisinkhu ya atate ake, ndipo anzake ena amene ankakwera magalimotowo ankabwera Lolemba ali ndi mafoni atsopano ndi fizi yolipiridwa. Iye ankaona zonsezi ali ndi njala.

Mu Juni chaka chomwecho Papa Francis anakweza dayosizi yathu ya Ndola kukhala arkidayosizi, ndipo Ambuye Benjamin Phiri anakhala Arkiepiskopi wake woyamba. Lamulungu lotsatira tinabwera kuchokera ku Misa mitima ili m'mwamba, nthungululu za amayi zikadali m'makutu. Tinamupeza mwanayo atakhala pa mpando, buku lalikulu lili pamiyendo. Chimwemwe chathu chinasanduka mkwiyo, ndipo tinamufunsa mokalipa kuti, "Kodi iwe, mabuku akowa aposa Mulungu amene anakupatsa nzeru zowawerengera?"

Anatseka buku, natsika pa mpando, nagwada monga analeredwera. Ndipo anayankha ndi mawu otsika kuti, "Amalume, sindifuna kukunamizani. Sindikudziwa ngati ndikhulupirirabe."

Abale, apa mpamene tinalakwa. Mwana anatitsekulira mtima wake, ife tinamutsekulira katekisimu. Tinamulalikira kwa ola lathunthu, kuyambira lamulo loyamba mpaka lachitatu, tinamukumbutsa za moto wosazima, tinati makoleji a masiku ano ndi misampha ya Satana, ndipo potsiriza tinamuopseza kuti akapitiriza tidzamubweza ku Katete akalime ndi amayi ake. Kunena zoona, pansi pa mkwiyo wathu panali manyazi. Tinkaganiza za akhristu a mu mphakati wathu, umene anzathu a Chibemba amautcha chitente, kuti adzati chiyani akamva kuti katekisiti walephera m'nyumba mwake momwe. Iye anangoti, "Ndamva, amalume." Masabata atatu otsatira anapita nafe ku Misa ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe. Sanapite kukalandira Ukaristia, sanaimbe, ndipo kunyumba analeka kulankhula nafe kupatula moni wa m'mawa. Ife tinkadziona ngati tapambana.

Amene anatitsekula maso ndi amayi a kunyumba kwathu. Usiku wina, ana atagona, anatifunsa kuti, "Abambo, mwanayu munamufunsa chimene amakhulupirira. Kodi munayamba mwamufunsa chimene wadya masana?" Tinasowa choyankha. Anatulutsa nsapato za mwanayo pansi pa bedi natisonyeza mmene zinaperesekera kunsi. Anatiuza kuti kwa miyezi iwiri mtsikanayo ankayenda pansi kupita ndi kubwera, ndalama ya minibasi n'kumasunga kuti achepetse ngongole ya fizi ndi kulipira mapepala a maphunziro, ndipo kuti kuyambira m'mawa mpaka madzulo ankakhalira madzi okha. Anawonjeza kuti, "Wakana magalimoto a pa geti chifukwa cha zimene munamuphunzitsa inu nomwe, ndipo inu mukumutcha mwana wotayika." Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinali titagogoda pa chigoba cha nkhono ndi ndodo, n'kumadabwa kuti yabisala.

Mawa lake magetsi anazimanso. Tinakoleza mbaula pa khonde, tinaika mbatata m'phulusa, ndipo tinamuitana. Tinayamba ndi kupepesa, chinthu chimene sichibwera msanga pakamwa pa mwamuna wa msinkhu wathu. Tinamuuza kuti za kumubweza ku Katete zatha, ndipo kuti usiku umenewo iye ndiye alankhule, ife tingomva. Anakhala chete nthawi yaitali. Atayamba kulankhula, anatiyalira zinthu zitatu.

Choyamba chinali cha m'kalasi. Mphunzitsi wina, munthu wodziwa ntchito yake ndiponso wolemekezeka kwa ophunzira, anawauza tsiku loyamba kuti zithumwa, maulosi ndi mapemphero azizisiya pa khomo, pakuti m'chipinda chimenecho mumalowa zokhazo zimene zingayezedwe. Tsiku lina, pophunzitsa za chiyambi cha thupi la munthu, anawauza za chigaza chimene anthu a mu mgodi anachifukula ku Kabwe mu 1921, pamene tauniyo inkatchedwa Broken Hill. Chigazacho chimasungidwa ku Natural History Museum ku London, ndipo akatswiri amene anachipima mu 2020 anapeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mnyamata wina anakweza dzanja nafunsa kuti nanga Adamu alowa pati, ndipo kalasi yonse inafa nacho chiseko. "Ine ndinali ndi kolona m'thumba la yunifolomu," anatero mwanayo, "ndipo ndinaseka nawo, amalume. Ndinaseka kuti asandizindikire, monga Petulo pa moto paja. Nditafika kuno ndinaikoleka pa msomali chifukwa ndinachita nayo manyazi, ndiponso ndinadzichitira manyazi ndekha."

Chachiwiri chinali cha anzake opemphera. Ena a mipingo ina, atadziwa kuti ndi Mkatolika, ankamuuza kuti amapembedza mafano ndipo kuti mikanda yake ndi matsenga. Ankamuitanira ku mapemphero a usiku wonse kumene mlaliki ankadzoza mafuta pa zolembera, nalonjeza kuti wopereka mowolowa manja sadzalephera mayeso. Motero mwanayo anali pakati, uku akumuseka kuti amakhulupirira nthano, uko akumunyoza kuti sakhulupirira mokwanira.

Chachitatu anachinena akulira. Ali pa ntchito ya usiku m'wodi ya ana, anabweretsa kamnyamata ka zaka zitatu kodwala malungo aakulu, magazi atachepa kwambiri, makolo atachedwa nako kunyumba. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene akanatha. Iye ankathandiza ndi manja, mumtima akupemphera usiku wonse monga sanapempherepo chibadwire. Mwanayo anatsirizika m'bandakucha. "Amalume," anatifunsa, "ngati ochiza ndi mankhwala, pemphero ligwira ntchito yanji? Ndipo ngati wochiza ndi Mulungu, usiku uja anali kuti?"

Tinagona osayankha, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti anatitseka pakamwa. Usiku umenewo tinakumbukira zaka zathu za ku Chassa, sukulu ya a Marist Brothers kufupi ndi Sinda, cha m'ma 1980. Kunali Brother wina amene ankatiphunzitsa za zamoyo. Iye ndiye anatisonyeza koyamba kakhungu ka anyezi pansi pa galasi lokulitsa zinthu, tikuona tizipinda tating'onoting'ono tondondozana ngati njerwa. Ankatiuza za msinkhu wa dziko ndi wa miyala popanda kuopa, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ankagwada nafe kutsogolera kolona. Sitinaonepo kuti zinthu ziwirizi zikumenyana mwa iye. Zonsezi tinali titaziiwala. Mwana wa mlongo wathu anaphunzira katekisimu ali ndi zaka 10, ndipo palibe amene anamuonjezera kanthu kuyambira pamenepo. Nzeru zake za sayansi zinakula chaka ndi chaka, koma chidziwitso chake cha chipembedzo chinatsala pa msinkhu wa Ukaristia woyamba. Tinkafuna kuti mtsikana wa zaka 21 avale diresi loyera limene anavala ali mwana, ndipo litang'ambika tinaimba mlandu iye.

Tinapita kwa Bambo Mfumu a parishi yathu kukapempha nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Anatibwereka mabuku, natithandiza kulongosola zimene Eklezia amaphunzitsadi. Tizilemba pano mwachidule kuti inunso mukhale nazo.

Eklezia Katolika saphunzitsa kuti buku la Genesis ndi buku la sayansi lowerengera masiku ndi zaka za chilengedwe. Bukulo limatiphunzitsa kuti zonse zinachokera kwa Mulungu, kuti anazilenga zabwino, kuti munthu analengedwa m'chifaniziro chake, ndiponso kuti tchimo linalowa chifukwa cha kusamvera kwa munthu. Za njira imene thupi la munthu linadzera, Papa Pius XII analola kale mu 1950, m'kalata yake yotchedwa Humani Generis, kuti akatswiri azifufuze, malinga tisunge chiphunzitso chakuti mzimu wa munthu aliyense umalengedwa ndi Mulungu mwini. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anatiyendera kuno ku Zambia mu Meyi 1989 nafika ndi ku Kitwe komwe, analembera bungwe la akatswiri a sayansi la ku Vatican mu Okutobala 1996, kuvomereza kuti maumboni akuti zamoyo zakhala zikusinthika pa nthawi yaitali ndi olimba, natsimikizanso chiphunzitso chomwe chija cha mzimu. Mu 1998 analemba kalata yonse, Fides et Ratio, yofotokoza kuti chikhulupiriro ndi nzeru za munthu zimathandizana pofunafuna choona. Motero chigaza cha ku Kabwe sichigwetsa guwa la m'tchalitchi.

Tinamuuzanso mwanayo za anthu awiri. Woyamba ndi Georges Lemaître wa ku Belgium, amene mu 1927 anasonyeza ndi masamu kuti thambo lonse likufutukuka, ndipo pambuyo pake anapereka ganizo lakuti linayamba pa kanthu kamodzi kakang'ono, chiphunzitso chimene masiku ano chimadziwika kuti Big Bang. Munthu ameneyu anali wansembe wa Katolika. Wachiwiri ndi Gregor Mendel, amene anabzala nsawawa zachizungu m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno, nasindikiza mu 1866 malamulo a mmene ana amatengera maonekedwe a makolo awo. Titatchula dzina limeneli mwanayo anadzidzimuka, pakuti anali atalemba mayeso pa malamulo a Mendel mwezi womwewo, osadziwa kuti mwini malamulowo anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera. Anaseka, ndipo kanali koyamba kumva kuseka kwake m'nyumba mwathu patapita miyezi.

Pa za mphunzitsi uja, mwanayo ndiye anatiphunzitsa chilungamo. Ife tinali titamuweruza kale kuti ndi mdani wa Mulungu. Koma iye anatifotokozera kuti mphunzitsiyo anagwira ntchito m'zipatala zaka zambiri, ndipo anaona odwala akutaya mankhwala a ma ARV chifukwa mneneri wina wawauza kuti achira, n'kubwerera kuchipatala atanyamulidwa pa machira. Tinakhala chete, pakuti ifenso tinaikapo m'manda akhristu otere. Dziko lathu linalengezedwa kukhala la Chikhristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 Disembala 1991, ndipo misonkhano yambiri imayamba ndi pemphero, komatu dzina la Mulungu lagwiritsidwanso ntchito kudyera anthu osauka ndi odwala. Mphunzitsiyo analakwa pomanga pemphero ndi chithumwa mtolo umodzi. Koma pofuna kuti wophunzira ayeze kutentha kwa thupi, apime magazi, awerenge madontho a dripi molondola, sanalakwe konse. Eklezia yemwe amafuna zomwezo. Mwanayu anabadwira ku chipatala cha St. Francis ku Katete, chimene Aanglikani ndi Akatolika amayendetsa pamodzi, ndipo ku Minga m'boma la Petauke kuli chipatala cha mishoni chimene chathandiza anthu a kwathu mibadwo ingapo. Amene anamanga zipatala zimenezi ankapemphera m'mawa, napereka mankhwala tsiku lonse, osaona kuti china chilanda malo a chinzake.

Funso lachitatu lija ndilo linatsala. Tinafufuza m'mabuku onse a Bambo Mfumu, ndipo sitinapeze yankho limene tikanalinena pamaso pa mayi wa kamnyamata kaja popanda manyazi. Tsono tinamuuza mwanayo mawu amene sitinawanenepo m'kalasi la katekisimu, akuti, "Mwananga, sitikudziwa chifukwa chake Mulungu analola kuti mwana uja afe." Tinamuuza chokhacho chimene tikudziwa, kuti pemphero si malipiro amene timapereka kuti Mulungu atichitire zimene tifuna, kuti Yobu anafunsa mafunso oposa ake ndipo Mulungu sanamutaye, ndiponso kuti Amayi Maria anaima pansi pa mtanda mwana wawo akufa, osalandira kufotokozera kulikonse tsiku limenelo. Tinamukumbutsa kuti Tomasi atakayika za kuuka kwa Ambuye, atumwi anzake sanamupirikitse m'nyumba, anakhala nawo sabata lathunthu ndi kukayika kwakeko mpaka Ambuye anabwera okha kudzamupeza. Tinamulonjeza kuti m'nyumba mwathu mudzakhala momwemo.

Pambuyo pake tinachita zimene tinayenera kuyamba nazo. Amayi a kunyumba anayamba kukazinga vitumbuwa m'mawa uliwonse, zina zogulitsa kuti papezeke ndalama ya minibasi, ziwiri zomukulungira mwanayo m'pepala. Tinagula kanyale ka dzuwa koti aziwerengera. Tinameza manyazi athu n'kukanena vuto la fizi ku mphakati, ndipo akhristu amene tinkaopa kuti atiseka anasonkha ndalama osafunsa mafunso, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Za Misa tinaleka kumukakamiza. Tinkangomuuza nthawi imene tikunyamuka. Masiku ena ankabwera, masiku ena ayi. Ife tinadzipereka kwa Monika Woyera, mayi wa ku Afrika kuno amene anapempherera mwana wake Augustino zaka zambiri, mpaka mwanayo anabatizidwa ku Milan mu 387.

M'nyengo ya Lenti ya 2025, m'mawa wina, anafika kuchokera ku ntchito ya usiku maso ali ofiira. Sanalowe m'chipinda chake. Anabwera pamene tinakhala, nagwada, natisimbira izi. Usikuwo munali khanda lobadwa masiku asanakwane, ndipo onse anaona kuti silifika m'mawa. Mayi wake, Mkatolika wolankhula Chibemba, ankalira kuti mwana wake apita wosabatizidwa, ndipo pa ola limenelo panalibe njira yopezera wansembe msanga. Mwana wathuyo anakumbukira phunziro limene anatimva tikuphunzitsa akatekumeni pa khonde pathu. Anapempha chilolezo kwa namwino wamkulu, natenga madzi oyera m'kakapu, nafunsa mayiyo dzina la mwana, nathira madziwo katatu pamutu pa khandalo akutchula maina a Utatu Woyera monga Eklezia amachitira. Khandalo linatsirizika kusanache, lili m'manja mwa mayi wake.

"Amalume," anatifunsa, "ubatizo umenewu ndi woona? Pakuti ine mtima wanga sunakhazikike. Mwina ndamunamiza mayi uja."

Funso ili lokha tinali nalo yankho lake lathunthu, ndipo tinamuyankha misozi ikutsika. Pa ngozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza, ngakhale amene sanabatizidwe, malinga agwiritse ntchito madzi, anene mawu oyenera, ndipo akhale ndi cholinga chochita chimene Eklezia amachita. Mphamvu ya sakramenti sichokera ku kulimba kwa chikhulupiriro cha wolipereka, pakuti wobatiza weniweni ndi Khristu. Augustino Woyera yemwe uja ndiye analimbikira chiphunzitso chimenechi potsutsana ndi Adonatisti, amene ankati masakramenti a mtumiki wochimwa alibe mphamvu. Tinamuuza kuti, "Mwananga, sunanamize munthu. Mwana uja ndi mkhristu monga iwe ndi ife." Madzulo ake tinapita naye limodzi kwa Bambo Mfumu kukanena za ubatizowo kuti ulembedwe m'buku, ndipo iye ndiye anatchula dzina la khandalo.

Sitikuuzani kuti zonse zatha bwino ngati nthano ya pamoto. Mtsikana amene anabwera ndi kathumba ka mtedza uja sadzabweranso, ndipo taleka kumuyembekezera. Amene tili naye tsopano amafunsa mafunso amene ena a iwo amatigonetsa mochedwa, ndipo la kamnyamata ka malungo lija likadali losayankhidwa. Lamulungu lina amakhala pa ntchito, lina amakhala nafe pa benchi. Analowa gulu la ophunzira Achikatolika a pa koleji pawo, kumene anapeza anzake osenza katundu wofanana ndi wake. Kolona ija pa msomali palibenso. Kumene ili sitikudziwa, ndipo sitinamufunse.

Tsono makolo anzathu, amalume ndi azakhali amene mukusunga ana a abale anu m'matauni muno, tikupemphani zinthu zochepa. Mwana wa ku koleji akayamba kuzilala pa mapemphero, yambani mwafunsa za chakudya, za fizi, za ulendo ndi za tulo, pakuti kawirikawiri mzimu umalema pamodzi ndi thupi. Akakuuzani kuti akukayika, dziwani kuti wakukhulupirirani, popeza wosakukhulupirirani akanangokunamizani n'kumapita ku Misa. Musamuopseze ndi kumudula thandizo, chifukwa amene akumudikira pa geti la koleji sadzamufunsa za chikhulupiriro chake. Funso likakukulirani, nenani poyera kuti simukudziwa, ndipo mupite naye kwa wansembe kapena kwa mkhristu wophunzira. Inunso a m'mphakati, dziwani ophunzira amene akukhala m'dera lanu, makamaka ochokera kutali amene akuchita lendi m'tizipinda, muwaitane ku nsima musanawaitane ku msonkhano. Ndipo ife akatekisiti tivomere kuti ntchito yathu sithera pa Ulimbitso. Tiyenera kuwerenga ndi kuphunziranso, kuti ana athu akadzamva za chigaza cha ku Kabwe m'kalasi, adzakhale atamva kale za icho kwa ife.

Tipempherere ophunzira athu onse a ku Ndola, ku Kitwe ndi m'dziko lonse lino, pamodzi ndi aphunzitsi awo, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe. Mutikumbukirenso ife ndi mwana wa mlongo wathu m'mapemphero anu a madzulo. Ambuye akudalitseni ndi mabanja anu, mpaka tidzakumanenso mwezi wa mawa.